Alangizi a asilikali a pamadzi pa nkhondo ya ku Vietnam: mafunso ndi mayankho

Kuyambira mu 1950 mpaka mu 1973, dziko la America linkatumiza asilikali ake a pamadzi ku Vietnam kuti akakhale alangizi a gulu lankhondo la pamadzi la kumeneko. Anthu ambiri akamva za nkhondo imeneyi amakumbukira nkhalango, mahelikopita ndi mabomba. Amaiwala amuna ena amene ankagona m'mabwato a matabwa a eni dziko, kudyera mbale imodzi ndi eni dziko, koma alibe mphamvu yolamula ngakhale msilikali mmodzi. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza amuna amenewo ndi anzawo a ku South Vietnam amene ankawalangiza.

Kodi mlangizi wa asilikali a pamadzi anali ndani kwenikweni?

Anali ofesala, kapena msilikali wamba wokhwima pa ntchito monga ya injini kapena ya mfuti, amene ankapatsidwa mnzake mmodzi wa ku Vietnam woti aziyenda naye. Mnzakeyo ndiye anali mwini mpando: kaya mkulu wa sitima, wa kampu ya m'mphepete mwa nyanja, kapena wa gulu la maboti a mumtsinje. Eni dziko ankamutcha mlendoyo cố vấn, kutanthauza mlangizi.

Amene anakulira kumudzi amamudziwa mlangizi wa zaulimi. Amakuuza kutalikirana kwa mizere ndi nthawi yothira feteleza, koma munda ndi wako, ndipo ukakana palibe chimene angachite. Mlangizi wa nkhondoyu analinso chimodzimodzi, kungoti iye ankagona m'munda momwemo. Mwini boti akalowa m'ngalande yolakwika, zipolopolo sizinkasankha kuti uyu ndi mlendo.

Ntchitoyi inayamba bwanji?

Inayamba ngati ya ukalaliki. Mu 1950, Vietnam akadali m'manja mwa France, America inatsegula ofesi mumzinda waukulu wa Saigon yotchedwa Military Assistance Advisory Group, ndipo asilikali a pamadzi ochepa amene anali mmenemo ankangoyang'anira maboti ndi zida zimene dziko lawo linkapereka kwa Afalansa. Gulu la pamadzi la anthu a ku Vietnam linakhazikitsidwa mu 1952, likuphunzitsidwa ndi Afalansa, ndipo sukulu yake inali ku Nha Trang.

Afalansa atagonja ku Dien Bien Phu mu 1954, mgwirizano wa ku Geneva unagawa dzikolo pawiri: la Kumpoto, ndi la Kumwera (South Vietnam) limene America inkathandiza. Mu 1955 Le Quang My anakhala munthu woyamba wa ku Vietnam kutsogolera asilikali a pamadzi a Kumwera, ndipo pang'ono ndi pang'ono Amereka analowa m'malo mwa Afalansa pa ntchito yophunzitsa. Pofika mu 1964 nthambi yawo inkadziwika kuti Naval Advisory Group, ndipo alangizi anali atatuluka m'maofesi a ku Saigon n'kufalikira m'makampu a m'mitsinje ndi m'magombe.

N'chifukwa chiyani madzi anali ofunika chonchi pa nkhondo imeneyi?

South Vietnam inali ndi gombe lotalika makilomita pafupifupi 1,900. Kumwera kwenikweni, kumene mtsinje wa Mekong umagawikana usanathire m'nyanja, ndiko kunali nkhokwe ya mpunga, ndipo msewu wa anthu a kumeneko unali ngalande. Mwana wopita kusukulu, mayi wopita kumsika, wonyamula mfuti mobisa, onse ankayenda pa bwato. Ngakhale sitima zikuluzikulu zopita ku doko la Saigon zinkadutsa mumtsinje wopapatiza wa Long Tau, pakati pa nkhalango ya m'matope ya Rung Sat, kumene bomba limodzi likanatha kutseka njira yonse.

Asilikali a pamadzi a Kumwera anali m'magulu atatu. Panali sitima za panyanja, panali magulu a mumtsinje amene anatengera nzeru za Afalansa, ndipo panali mabwato a matabwa olondera gombe. Gulu lachitatuli linayamba mu 1960 ndi asodzi olembedwa ngati asilikali apambali, ndipo linalowa m'gulu lenileni la pamadzi mu 1965.

Moyo wa mlangizi wa tsiku ndi tsiku unali wotani?

Zinkatengera kumene wagwera. Wa ku likulu ankalemba malipoti pansi pa fani. Wa ku doko lokonzera sitima la Saigon, limene Afalansa anamanga kalekale, ankalimbana ndi kusowa kwa amisiri, chifukwa wowotcherera zitsulo waluso ankapeza malipiro abwino kumakampani kusiyana ndi kuboma.

Amene anaiona ntchitoyi pamaso ndi a m'makampu a mabwato olondera gombe. Kampu yoteroyo inkakhala pa mchenga pafupi ndi pamene mtsinje ukuthirira m'nyanja, yozunguliridwa ndi waya waminga ndi matumba a mchenga, mkati mwake muli nyumba za malata momwe asilikali ankakhala ndi akazi awo ndi ana. Alangizi ankakhala anayi kapena kucheperapo. Dzuwa likamalowa bwato linkanyamuka: la matabwa, injini ya dizilo, maso awiri opentedwa kutsogolo monga amachitira asodzi a kumeneko, mfuti yachiwaya itamangidwa pakati. Ena mwa mabwatowo ankatchedwa Yabuta, dzina la mmisiri wa ku Japan amene anawajambula pa doko la Saigon. Usiku wonse ntchito inali imodzimodzi: kuimitsa bwato la asodzi, kuunika ndi tochi, kuona zitupa, kufukula maukonde ndi madengu a nsomba, kuchotsa matabwa apansi. Mwa mabwato ambirimbiri oimitsidwa, pafupifupi onse ankapezeka kuti ndi a asodzi basi.

Chakudya chinali mpunga, nsomba ndi msuzi wa nsomba zovunditsa wotchedwa nuoc mam. Mlangizi amene ankatsegula chitini chake n'kukhala payekha ankaoneka ngati mlendo wodzimva, ndipo mawu ake sankalemera. Amene ankanjuta pansi n'kudya nawo ankalandiridwa, ngakhale kuti ambiri ankalipira ndi m'mimba mwa kamwazi ndi kuwonda.

Ngati sankalamula, nanga mphamvu yake inali pati?

Inali pa wailesi. Mlangizi ndiye ankatha kuitana ndege za Amereka, mizinga ya pa sitima zawo, ndiponso helikopita yodzanyamula wovulala. Kwa msilikali wamba wa ku Vietnam, kukhala ndi mlangizi m'bwato kunkatanthauza kuti akawomberedwa pali mwayi wokafika kuchipatala asanathe magazi. Chimenechi chokha chinkampatsa mlendoyo ulemu umene maphunziro ake sakanampatsa.

Mphamvu ina inali ya katundu. Sipeya ya injini imene ikanatha miyezi ikuyenda m'mapepala a ku Saigon, mlangizi ankaipeza pa sabata imodzi kwa anzake a pa sitima ya Amereka. Simenti, malata, mankhwala, mabatire, zonse zinkabwera motero. Apa ndi pamene ine ndimaona msampha. Mlangizi akapeza pampu mwachidule, bwato linkanyamuka usiku womwewo ndipo aliyense ankasangalala, koma ofesi ya katundu ya eni dziko inkakhala isanaphunzire kanthu, komanso palibe amene ankaikakamiza kusintha. Mlangizi wokoma mtima kwambiri ndi amene ankasiya kampu yomudalira kwambiri. Ambiri ankazidziwa zimenezi, koma ndani angauze anthu amene akugona nawo mumpanda umodzi kuti dikirani mapepala?

Ankamvana chilankhulo chanji?

Kawirikawiri Chingerezi chodukaduka, Chifalansa pang'ono, ndi manja. Ena ankaphunzira Chivietinamu asananyamuke, monga pa sukulu ya zilankhulo ya asilikali ku Monterey, koma ambiri ankangopatsidwa masabata ochepa. Chilankhulocho chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu. Ife timadziwa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika zimasiyana ndi kamvekedwe. Kwa iwo pafupifupi liwu lililonse limayenda motero, ndipo kaphatikizo kamodzi kamatha kukhala ndi matanthauzo asanu kapena asanu ndi limodzi. Mlendo ankatha kuganiza kuti wanena zomveka, asilikali n'kungoyang'anana.

Maofesala akuluakulu a ku Vietnam ambiri anaphunzira kwa Afalansa, ndipo ang'onoang'ono ankadziwako Chingerezi. Choncho mtolo womasulira unkagwera kwa wolangizidwa yemweyo.

N'chiyani chinkabweretsa kusamvana pakati pa mlangizi ndi mnzake?

Choyamba chinali nthawi. Mlangizi ankakhala chaka chimodzi n'kubwerera kwawo. Mlendo ndi mame. Mnzakeyo anali atamenya nkhondo zaka zambiri, atalandira kale alangizi angapo, aliyense akubwera ndi changu chake ndi nzeru zake zatsopano. Mnyamata wa zaka 26 wochokera pa sitima yaikulu ya panyanja, amene sanaonepo ngalande ya matope, ankafuna zotsatira mwezi womwewo kuti lipoti lake lioneke bwino. Mwini kampu ankaganiza za chaka chamawa ndi china chotsatira, komanso za ana ake amene anali kugona kuseri kwa waya womwewo. Malipoti ena a Amereka ankatcha zimenezi ulesi kapena mantha. Nthawi zina zinalidi choncho, koma nthawi zambiri anali munthu amene wawerengera bwino kuti nkhondo yake ilibe tsiku lobwerera kwawo.

Chachiwiri chinali ulemu. Kudzudzula mkulu pamaso pa anyamata ake kunkatha ubale tsiku lomwelo. Alangizi anzeru anaphunzira kunena maganizo awo pa tiyi, awiriwiri, kenako n'kulola kuti mawa lake nzeruyo ituluke pakamwa pa mwini mpando ngati yake.

Chachitatu, ndipo chachikulu, chinali ndale za ku Saigon, zimene mlangizi sakanazikhudza n'komwe. Pa 1 Novembala 1963, tsiku limene asilikali anagwetsa boma la Ngo Dinh Diem, mkulu wa asilikali a pamadzi, Ho Tan Quyen, anaphedwa ndi ofesala wa pansi pake chifukwa anali wokhulupirika kwa pulezidentiyo. Mu Epulo 1965 maofesala ena anaukira mkulu wawo wina, Chung Tan Cang, pomuneneza za katangale, ndipo iye anachotsedwa. Pa nthawi ngati zimenezo ofesala ankakwezedwa potengera mbali imene ali, osati luso lake. Pamwamba pa izo, akuluakulu a asilikali a pamtunda ndiwo ankagwira chikwama ndi ulamuliro, ndipo maboti a mumtsinje ankawagwiritsa ntchito ngati malole onyamulira anthu awo. Bata linabwerako pamene Tran Van Chon anatenga mpando mu 1966 n'kukhalapo mpaka mu 1974.

Kodi alangizi ankamenya nawo nkhondo?

Pa pepala ntchito yawo inali kulangiza. M'ngalande zinali zina.

Dale Meyerkord anali mlangizi wa gulu la maboti a mumtsinje la nambala 23 ku Vinh Long. Ankakonda kukwera boti lotsogola n'kukhala poonekera kuti aziona bwino ndi kuitana ndege. Pa 16 Malichi 1965 zigawenga zolimbana ndi boma la Kumwera zinawalalira m'ngalande, iye anavulazidwa, anapitiriza kuwombera, kenako chipolopolo china chinamupha.

William Fitzgerald anali mlangizi wamkulu wa kampu ya mabwato ya nambala 16, pafupi ndi Quang Ngai, pamene mtsinje wa Tra Khuc umathirira m'nyanja. M'bandakucha wa pa 7 Ogasiti 1967 adani ochuluka anaswa mpanda wa kampuyo, ndipo mkulu wake wa ku Vietnam anaphedwa. Fitzgerald ndi anzake atatu anatsekeredwa m'dzenje lawo lobisalamo. Ataona kuti kampu yagwa, anapempha pa wailesi kuti mizinga igwetsedwe pamalo pomwe iye analipo, anauza anzakewo kuti athawire kumtsinje, iye n'kutsala akuwombera kuti awateteze. Anafera pomwepo, anzake atatuwo anapulumuka.

Amuna awiriwa anapatsidwa mendulo ya Navy Cross atamwalira, ndipo mayina awo anapatsidwa kwa sitima zankhondo, USS Meyerkord ndi USS Fitzgerald. Ulemuwo ndi wowayenera. Chimene chimandiwawa n'chakuti asilikali a ku Vietnam amene anafera m'ngalande ndi m'kampu zomwezo, pamodzi ndi mabanja awo, anali ochuluka kwambiri, ndipo palibe sitima imene ikuyenda ndi mayina awo.

Nanga zinatheka bwanji kuti Amereka ayambe kulondera okha?

Pa 16 Febuluwale 1965 woyendetsa helikopita wa ku America anaona chinthu chooneka ngati kachilumba m'gombe la Vung Ro. Chinali sitima yachitsulo yochokera Kumpoto, yophimbidwa ndi nthambi. Itamizidwa ndi ndege, pamalopo panapezeka zida ndi katundu wankhondo pafupifupi matani 100. Umboni unapezeka wakuti zida zikulowa pa nyanja, ndiponso kuti mabwato a matabwa aja sakukwanitsa kuzitchinga.

Mwezi wotsatira inayamba ntchito yotchedwa Market Time: ndege, sitima ndi maboti othamanga a Amereka kulondera gombe lonse. Mu Disembala chaka chomwecho inayamba Game Warden, yolondera mitsinje ndi timaboti topepuka totalika mamita osakwana 10. Norvell Ward, amene anali mkulu wa alangizi, pa 1 Epulo 1966 anakhalanso mkulu wa asilikali onse a pamadzi a America m'dzikolo.

Kulonderako kunagwira ntchito: sitima zachitsulo zambiri zinamizidwa kapena kubwezedwa, ndipo a Kumpoto anayamba kudalira kwambiri njira ya m'mapiri ya Ho Chi Minh ndi doko la Sihanoukville ku Cambodia. Koma kwa zaka pafupifupi zitatu maboti atsopano, ndalama ndi chidwi zinapita ku magulu a Amereka, eni dziko n'kutsala pambali ndi zakale. Alangizi, amene ntchito yawo inali kukulitsa gulu la eni dziko, anasanduka nthambi yaing'ono pa nkhondo imene abale awo anailanda.

ACTOV inali chiyani?

Inali ndondomeko yobweza mwamsanga maboti ndi ntchito yonse kwa eni dziko. Anaiyambitsa Elmo Zumwalt, amene anatenga utsogoleri pa 30 Seputembala 1968, atazindikira kuti dziko lake layamba kufuna kuchoka. Njira yake inali yosavuta kuimvetsa. Msilikali mmodzi wa ku Vietnam ankakwera m'boti la Amereka n'kuphunzira ntchito ya munthu mmodzi. Akaidziwa, wa ku America uja ankatsika, wina wa ku Vietnam n'kukwera. Zinkapitirira choncho mpaka kutsala mkulu wa boti yekha, amene pomaliza ankapereka chiwongolero, ndipo nthawi zambiri wina ankatsala ngati mlangizi. Maofesala achinyamata ena anatumizidwa kukaphunzira ku Newport, ku America.

Pofika kumapeto kwa 1970 maboti ang'onoang'ono ankhondo anali ataperekedwa. Gulu limene mu 1968 linali ndi anthu pafupifupi 18,000 linafika pa 42,000, ndi sitima ndi maboti oposa 1,400, n'kukhala limodzi mwa magulu a pamadzi akuluakulu pa dziko lonse tikawerenga zombo.

Kuyendetsa boti ndi kuwombera munthu amaphunzira pa miyezi ingapo. Kukhala makaniko woti angamve kulira kwa injini n'kudziwa chimene chavuta kumafuna zaka, ndipo mabuku a injinizo anali m'Chingerezi. Ndi apa pamene alangizi a zaka zomalizira anathera mphamvu zawo: m'magaraja, m'nyumba zosungira masipeya, pa kuwerenga madiramu a mafuta.

Ndi zoona kuti alangizi ankaweta nkhumba ndi nkhuku?

Ndi zoona. Malipiro a msilikali wamba sankakwanira kudyetsa banja, mitengo ya zinthu ikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo ambiri ankathawa ntchito kapena kugulitsa mafuta a boti. Zumwalt analimbikitsa kumanga nyumba za mabanja a asilikali m'makampu ndi kuyambitsa makola a nkhumba ndi nkhuku. Ena ankaziseka. Kwa ine, apa m'pamene Amereka anafika pafupi kwambiri ndi kumvetsa mnzawoyo: munthu sangalondere mtsinje usiku wonse mtima uli pa mwana amene wagona ndi njala. Kungoti nzeruyi inabwera patatha zaka pafupifupi 20 chiyambireni ulangiziwo.

Nanga anthu wamba, asodzi ndi alimi, zinawakhudza bwanji?

Zinawapweteka. Msodzi ankaimitsidwa kangapo pa ulendo umodzi, nsomba zikuwola padzuwa. Malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kutseka madera ena a nyanja ankamuchotsa pamalo pamene nsomba zimapezeka. Bwato likapezeka pamalo oletsedwa mumdima linkatha kuwomberedwa, muli banja kapena ayi. Asilikali ena a m'mabwato olondera ankalanda nsomba kapena ndalama, ndipo mlangizi ankayenera kusankha: kunena n'kuwononga ubale ndi mnzake, kapena kukhala chete.

Palinso nkhani ya mankhwala oumitsa masamba otchedwa Agent Orange, amene anapoperedwa m'mphepete mwa mitsinje kuti adani asowe pobisala. Zumwalt anavomereza zimenezo pofuna kupulumutsa anyamata ake a m'maboti. Mwana wake weniweni, Elmo Zumwalt III, anali mkulu wa boti m'mitsinje yomweyo, ndipo anamwalira ndi khansa mu 1988. Bambowo anakhulupirira kuti mankhwalawo ndiwo anachititsa. Anthu a m'midzi imene inapoperedwa anapitiriza kumwa madziwo ndi kudya nsomba zake alendo atapita.

Alangizi atachoka, gululo linaima palokha?

Mgwirizano wa ku Paris unasainidwa pa 27 Januwale 1973, ndipo pa 29 Malichi Naval Advisory Group inatsekedwa. Asilikali a pamadzi a Kumwera anapitiriza kulondera ndi kumenya nkhondo okha kwa zaka ziwiri. Mu Januwale 1974 analimbana ndi sitima za China pa zilumba za Paracel, anataya sitima imodzi ndi zilumbazo. Chaka chomwecho thandizo la America linadulidwa kwambiri, mafuta anakwera mtengo pa dziko lonse, ndipo maboti mazanamazana anamangiriridwa pa doko posowa dizilo ndi masipeya. Gulu limene linamangidwa kuti lizimenya nkhondo ngati dziko lolemera linasiyidwa ndi thumba la dziko losauka.

Komabe nkhondoyo sinathere pa madzi. Asilikali a Kumpoto analowa ku Saigon pa akasinja, pa msewu.

Kodi ubale wa alangizi ndi anzawo unathera pomwepo?

Ayi. Kumapeto kwa Epulo 1975, Saigon ili pafupi kugwa, Richard Armitage, amene anakhalapo mlangizi m'makampu a pamadzi ndipo ankalankhula Chivietinamu, anatumizidwa kukaonetsetsa kuti sitima zisagwe m'manja mwa a Kumpoto. Anakumana ndi mnzake wakale, Do Kiem, mmodzi wa maofesala akuluakulu ku likulu la asilikali a pamadzi. Kiem anamuuza poyera kuti asilikali sanganyamuke n'kusiya mabanja awo. Usiku wa pa 29 Epulo sitimazo zinatsika mtsinje wa Saigon zitadzaza anthu mpaka pamwamba.

Zinakasonkhana pa chilumba cha Con Son, kumene sitima ya Amereka ya USS Kirk inazipeza. Zinali pafupifupi 30, zitanyamula anthu pafupifupi 30,000, zina injini imodzi itafa, zina zikukokedwa ndi chingwe. Amakaniko ndi msilikali wa zachipatala wa pa Kirk ankayenda sitima ndi sitima ndi madzi, mpunga ndi mankhwala, ulendo wonse wopita ku Philippines. Tran Van Chon, amene anali atapuma ntchito, anatsala m'dzikolo, ndipo anakhala m'ndende za boma latsopano zaka zoposa 10.

Atayandikira doko la Subic Bay, boma la Philippines linakana kulandira sitima za dziko limene kunalibenso. Njira inapezeka yakuti sitimazo zibwerere m'dzina la America, imene inazipereka poyamba. Pa sitima iliyonse panakwera asilikali a ku America. Anthu anaimirira mothithikana, anaimba nyimbo ya fuko lawo, mbendera yachikasu ya mizere itatu yofiira inatsitsidwa, ya America n'kukwezedwa, ndipo pa 7 Meyi 1975 sitimazo zinalowa pa doko.